Magazi M'lipenga la Abundio

Tinali pa maliro a mayi wina wa kumtunda kwa tchalitchi pamene ndinaona chinthu chimene mpaka lero chimandiimitsa mutu. Ife a bandi ya ku San Gervasio tinali titaperekeza bokosi kuchokera kunyumba mpaka pachipata cha manda, dzuwa likuswa mtengo. Titamaliza nyimbo, aliyense anayamba kukhutula malovu m'lipenga lake monga timachitira nthawi zonse. Lipenga limakhala ndi kabowo kotsekedwa ndi kachitsulo, ndipo ukatsegula n'kuuzira, timadzi ta m'kati timagwa pansi. Mlamu wanga Abundio anali ataima pambali panga. Anatsegula kake n'kuuzira, ndipo zimene zinadontha pa mwala woyera wa pachipatapo sanali malovu. Anali magazi.

Ine ndine Crescencio, koma mudzi wonse umanditchula Chencho. Ndimaimba tuba, chilipenga chachikulu chija umachita kuchivala paphewa ngati goli. Abundio anakwatira mlongo wanga Otilia, ndipo ndiye anali woimba lipenga wotsogolera. Sindikumukometsa chifukwa cha ulamu, poti tinkakangana pafupifupi mlungu uliwonse, koma m'mapiri mwathu monse munalibe wina woliza lipenga ngati iye.

"Alamu, mwameza nkhuku yamoyo kodi?" Ndinayesa nthabwala.

"Ndi nkhama chabe izi," anatero, akukwirira magaziwo ndi fumbi la kuphazi. "Ndatsuka mano mwamphamvu m'mawa."

"Zayamba liti?"

"Kaya. Chaka chatha, mwina chinacho. Inu samalani za chimphika chanucho."

Ndisanamuyankhe, mwana wa malemu anafika ndi mesikali, kachasu wathu wa khonje, n'kuyamba kutithirira mmodzimmodzi. Atafika pa Abundio sanafunse n'komwe. Anatsegula mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi, zakuda zija, n'kumupatsa limodzi dzanja ili, lina dzanja linalo. Abundio anagugudiza loyamba osapumira.

Kwathu bandi simailemba ganyu, mumaidyetsa. Pa maliro, pa ukwati, pa ubatizo, pa tsiku la woyera wa mudzi, khomo lililonse limene taimapo limatulutsa chakumwa, ndipo kukana ndi chipongwe chimene anthu amapita nacho kumanda. Abundio ali mnyamata ankamwa moti tsiku la ubatizo wa mwana wake Griselda tinakamutola m'ngalande, lipenga ali chikumbatire. M'mawa mwake Otilia anamukokera kutchalitchi, ndipo analumbira pamaso pa Amayi Maria kuti sadzalawanso mowa. Wansembe anamupatsa kakhadi ka chithunzi chawo koti azionetsa. Munthu wolumbira kwathu sakakamizidwa, ngakhale ndi chidakwa chotheratu. Koma eni khomo ankamumvera chisoni pomuona ali chimanjamanja anzake akusangalala, ndiye m'malo mwa kakapu kamodzi ankamupatsa mabotolo awiri. Zinayenda choncho kuyambira Griselda ali khanda mpaka atakula n'kupeza mwamuna. Mudzi wonse unkamutama, ndipo akazi ankatukwanira amuna awo pa dzina lake.

Zizindikiro tinkaziona, koma tinkaziseka. Ludzu lake silinkatha. Pa ulendo uliwonse ankapatukira kuseri kwa mpanda, ndipo tinkati ali ndi chikhodzodzo cha mwana wa mbuzi. Thalauza linayamba kumukhwepa. M'kamwa mwake munkatuluka fungo loti ine, amene ndinkaima pafupi naye, ndinkatembenuzira tuba mbali ina, koma ndani angamuuze mlamu wake zoterezo?

Chaka chimenecho Abundio anali ndi chinthu chimodzi chokha m'mutu. Griselda ankakwatiwa mu Disembala ndi mwana wa a Melitón, opala matabwa a kumsika. Mwambo wathu ndi woti mkwatibwi akamatuluka m'nyumba ya makolo ake, bandi yonse imakhala chete, ndipo lipenga lotsogolera limalira lokha mpaka iye atafika pamsewu. Abundio anali atatulutsa ana aakazi a mudzi wonse. Wake yekhayo anamupekera nyimbo yakeyake, imene anayamba kuiluka mwanayo asanayambe sukulu. Ankakaiyeserera kumunda, kutali, kuti Griselda adzaimve koyamba pa tsiku lakelo. Ine ndekha ndinkaidziwa, chifukwa minda yathu inachita malire.

Lamulungu lina masana tinakhala pakhonde pawo tikukambirana za nkhukundembo za paukwati. Otilia anabweretsa chimanga chootcha. Abundio analuma kamodzi, n'kuima. Atachotsa chimangacho kukamwa, dzino la m'munsi linali litatsalira pa chitsononkho, litaima bwinobwino pakati pa maso a chimanga.

Griselda ndiye analizula n'kuliika pachikhatho. Linali loyera, lathunthu, la muzu wautali, lopanda kabowo ngakhale kamodzi. Mano obowoka ndinawaonapo ambiri, anga omwe. Koma dzino labwinobwino kungochoka lokha, mwini wake osamva n'kuwawa komwe, chimenecho ndinali ndisanachionepo.

"Bambo a Griselda, musamwe madzi, dikirani," anatero Otilia akuthamangira m'nyumba.

Anabwera ndi banzi. Kwathu aliyense amadziwa kuti matenda a shuga amalowa ndi mantha, ndipo munthu akadzidzimuka umamudyetsa banzi msanga kuti manthawo akhazikike m'mimba. Tinakula tikumva zimenezo. Abundio anadya banzilo akutafunira mbali imodzi, lina likufiira ndi magazi. Poona kuti nkhope yake yatuwa, Otilia anamutseguliranso botolo loti limubwezere mphamvu.

Malo amene panachoka dzinopo sanapole. Mlungu unatha, wina unatha, mwezi unapita. Mwana akaguluka dzino, pofika Loweruka amakhala akutafuna nzimbe, koma apa panali chilonda chonyowa, chotuwa m'mbali, chotuluka mafinya. Otilia anayesa madzi a mchere, anayesa makungwa owiritsa, osathandiza. Pomaliza Griselda ananena kuti ngati bambo ake sapita kwa dokotala wa mano, iye ukwati aulepheretsa. Anatengera mkamwa wa amayi ake mwana ameneyo. Ndinawanyamula onse atatu pa kagalimoto kanga kupita kutauni.

Dokotalayo anali mayi wamfupi, dzina lake Nayeli Sosa. Anamugoneka Abundio pampando, n'kumuunika m'kamwa. Anakhudza nkhama ndi kachitsulo, magazi n'kutuluka. Anagwira mano a kutsogolo ndi zala ziwiri, ndipo ine ndili pakhomo ndinawaona akugwedera. Anaika zitsulo zake pansi.

"Bambo, mumamva ludzu kawirikawiri?"

"Ndine woimba lipenga, adokotala. Kukhosi kumauma."

"Mumataya madzi pafupipafupi? Mwaonda posachedwapa?"

"Zonse ziwiri eya," Griselda anayankha bambo ake asanatsegule pakamwa.

Dokotala anatenga kamakina kakang'ono n'kupempha chala.

"Ine ndabwera ndi dzino, osati chala," anatero Abundio.

Anamubaya ndithu, n'kudonthezera magazi pa kapepala ka m'makinamo. Anayang'ana nambala imene inatuluka. Anapempha chala cha dzanja lina n'kuyezanso. Kenako anamuyang'ana Abundio kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwalowa muno mukuyenda nokha?"

"Nanga akanandibereka alamu angawa?"

"Shuga wanu wakwera moti anthu ena akafika pamenepa amabwera atanyamulidwa. Ndipo sanakwere dzulo. Nkhama zanuzi zikuonetsa kuti papita zaka."

Ine ndinakhala pa kampando kamene sanandipatse. Dokotala anamujambula Abundio nsagwada, n'kutionetsa chithunzicho pa kanema.

"Mano anu alibe vuto," anatero. "Chadwala ndi pamene aimapo. Mukudziwa mzati wa mpanda madzi akakokolola dothi? Mtengo umakhala wabwinobwino, koma mwana akhoza kuukankha ndi dzanja limodzi. Fupa limene limagwira mano lija, apa linayenera kufika apa. Onani pamene lili."

Sindinapite patali ndi sukulu, koma chithunzicho sichinkafuna sukulu. Mizu ya mano inali pamtunda, yongogwira kunsonga.

Anatifotokozera pang'onopang'ono. Shuga akachuluka m'magazi, m'kamwa mumauma ndipo tizilombo ta m'nkhama timapeza chakudya chambiri. Asilikali a m'thupi amene amayenera kutimenya amafooka. Timitsempha tonyamula magazi kupita pachilonda timawonongeka, ndiye chilonda chimangokhala osatseka. Choipitsitsa n'choti nkhama zikatupa ndi mafinya, nazonso zimakweza shuga. Chiseyeye chimadyetsa shuga, shuga n'kumadyetsa chiseyeye, mwini wake ali kalikiliki kuimba pa maukwati a eni.

"Ndi chivomezi chija," Otilia anatero. "Chinawapeza ali panjira, kopanda ndi banzi lomwe. Ndinanena ine."

Ali m'kati molankhula anapisa m'chikwama n'kutulutsa banzi, poti mwamuna wake anali atangodzidzimuka kumene. Anali atayamba kale kulinyema.

"Mayi, bwezani m'chikwama chimenecho," anatero dokotala. "Mantha sabweretsa shuga, ndipo banzi limamukweza. Ndiuzeni, amamwa chiyani?"

"Mowa ayi," Otilia anayankha atawongola khosi. "Analumbira mwana uyu ali khanda. Dontho silinadutsepo pakamwa pawo."

"Nanga akamaimba amamwa chiyani?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinati pa tsiku wamba mabotolo angapo, koma pa tsiku la chikondwerero, tikayenda makomo ambiri, theka la kireti limatha. Dokotala anavula magalasi n'kudzigwira pamphumi. Otilia anayang'ana banzi lili m'manja mwake ngati wagwira njoka. Ndinamumvera chisoni mlongo wanga. Zaka zonsezi ankanyadira kuti anamupulumutsa mwamuna wake, ndipo n'zoona anamupulumutsa, koma palibe anatiuzapo kuti botolo la ana lingagwetse munthu wamkulu.

Abundio anafunsa chinthu chimodzi chokha. "Awa awiri a m'mwambawa, pamene pamakhala lipenga. Atsala?"

"Sindikulonjezani. Lero lomwe mukaonane ndi dokotala wa shuga, khomo lachiwirilo. Muzimwa mankhwala, zotsekemera musiyiretu. Shuga akatsika ndidzatsuka pansi pa nkhama zonse. Ndikadula kapena kuzula chilichonse lero, ndikupatsani chilonda china chosapola. Ndipo lipenga lipume."

"Mpaka liti? Ukwati uli mu Disembala."

"Tiyeni tiyambe taona ngati chilondachi chitseke."

Mapilitsi ankamwa mokhulupirika. Lipenga analipachika pamsomali, ndipo pa maulendo a bandi ankangoyenda nafe akuimba maseche. Vuto linali mabotolo. Pasanapite nthawi tinaitanidwa kwa a Melitón kuti mabanja awiri akamalize zokambirana. Titangokhala pansi, a Melitón anatsegula awiri n'kuwaika patsogolo pa Abundio.

"Pepani asewere, adokotala andiletsa. Ndili ndi shuga."

"Shuga ali ndi aliyense masiku ano," anatero a Melitón akuseka. "Mayi anga ali naye, koma amamwa m'mawa uliwonse. Kamodzi sikapha."

"Ndithu, andiletsa."

Kuseka kuja kunatha. "Adokotalawo ndi amene akukwatitsa mwana? Mwalowa m'nyumba mwanga koyamba ngati achibale, ndiye mukukana cha m'manja mwanga? Kapena mwamva kuti ife timathira mankhwala?"

Akazi a a Melitón anasiya kupakula. Mkwati anayang'ana pansi, Griselda naye maso ali kwa bambo ake. Abundio ananyamula botolo n'kumwa, kenako linalo. Ine mtima unandiwira moti ndinkafuna kuwaphwanyira kireti yonse pamutu a Melitónwo, koma ukwati sunali wanga. Pobwerera ndinamukalipira njira yonse. Ndinamuuza kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ngakhale ndinkadziwa kuti sanamwe chifukwa cha kukoma.

"Alamu, mwatha?" anatero titafika pachipata. "Mawu a dokotala salemera kanthu pakhomo la munthu. Mawa mundiperekeze kutchalitchi."

Wansembe wathu, Abambo Leobardo, tinawapeza akuthirira maluwa. Abundio anawauza kuti wabwera kudzalumbira.

"Wagwa kodi, Abundio? Patapita zaka zonsezi?"

"Ayi Abambo, mowa sindinaukhudze. Ndikufuna kulumbirira zoziziritsa kukhosi."

Abambo anaiwala kuti agwira paipi, madzi n'kumathirira nsapato zawo. Anati chiyambire unsembe wawo alumbiritsa anthu a mowa, a fodya, a njuga, ngakhale wina wa akazi a eni, koma zimenezi anali asanazimvepo. Abundio sanatsutsane nawo. Anangotsitsa mlomo wa m'munsi n'kuwaonetsa chilonda chija. Abambo anabwerera m'mbuyo, n'kupita kukatenga makiyi a tchalitchi.

Kakhadi kachiwiri kamene anamupatsa atalumbira kanagwira ntchito imene mankhwala okha sakanaitha. Mbiri inawanda mudzi wonse tsiku lomwelo, ndipo anthu ankabwera kudzakaona ndi maso awo. Ena ankaseka, ena ankagwira pakamwa, koma palibe anamukakamizanso. A Melitón amene, atakaona, anavula chipewa n'kutuma mkazi wawo kukatunga madzi.

Shuga anayamba kutsika. Dokotala anatsuka pansi pa nkhama mbali ndi mbali pa maulendo angapo, ndipo chilonda chimene chinakana mchere ndi makungwa chinatseka chokha. Fungo lija linatha. Mswachi unasiya kufiira. Otilia anayamba kuuza aliyense pamsika kuti mwamuna wake wachira, ndipo ine ndemwe ndinakhulupirira.

Koma kutupa kutaphwa, nkhama zinabwerera m'mbuyo, ndipo mano anaoneka aatali ngati a bulu. Zinapezeka kuti kutupa kuja n'kumene kunkabisa kuwonongeka. Dokotala anamanga mano a m'mwamba ndi kawaya kopyapyala kumbuyo kwake kuti azigwirizana.

"Matenda tawaimitsa," anatero, "koma fupa limene linapita silibwerera. Mukawasamala, manowa mudya nawo zaka zambiri. Lipenga lokha ayi. Limakankha pamalo pomwe palibe chogwira."

"Chaka chino chokha?"

"Bambo, ndikunena kuti ayi."

Abundio anagwedeza mutu ngati wamva. Ine ndinamudziwa kalekale munthu ameneyu, ndipo kugwedeza kumeneko sikunandisangalatse.

Kutatsala milungu iwiri kuti ukwati uchitike, ndinali kumunda masana ndikusonkhanitsa mapesi pamene ndinamuona akubwera ndi thumba. Anakhala pamwala wa m'malire n'kutulutsa lipenga.

"Bwezani chimenecho, alamu."

"Kamodzi kokha. Ndingoona ngati mlomo ukukumbukira."

"Anakuuzani chiyani mayi uja? Mukufuna mumve nkhwangwa ili m'mutu?"

"Ana a eni ndawatulutsa onse, Chencho. Wanga atuluke ngati wamasiye?"

Anaika lipenga pamlomo n'kuyamba pansipansi. Ndisaname, linalira bwino kuposa kale, mwina chifukwa choti ndinali nditalisowa. Nyimboyo imayamba ngati munthu akuyenda pang'onopang'ono, kenako imakwera, n'kukafika pa liwu limodzi lalitali la pamwamba. Liwu limenelo silituluka popanda kukanikiza chitsulo pamano. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwake ikutupa. Liwu linatuluka, loyera, n'kumveka mpaka kutsidya kwa chigwa. Kenako linaduka pakati.

Anachotsa lipenga pang'onopang'ono. Mano awiri aja anali atagonera m'kati, akulendewera pa kawaya kaja, magazi akutsikira kuchibwano. Sanalire, sanatukwane. Anangondiyang'ana ndi maso a mwana amene waswa mbale ya eni. Patapita kanthawi ndinamupatsa kansalu.

Dokotala Nayeli sanamukalipire, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Anadula waya, n'kuchotsa mano awiriwo mosavuta ngati akuzula udzu pamchenga. Anamuyeza shuga n'kunena kuti tsopano ali bwino, chilonda chipola. Anati pakapita miyezi adzamupangira mano ovala oti azidyera ndi kusekera, koma oimbira lipenga asayembekezere.

Chinapoladi. Pofika mlungu wa ukwati panali patatseka bwinobwino, pofiirira, posalala ngati nkhama za khanda. Chimenechi n'chimene chinandiwawa koposa zonse. Thupi lake linali litaphunziranso kupola, koma linaphunzira zoti lipolere zitatha kale. Kakhadi kachiwiri kaja kakanabwera zaka zingapo m'mbuyomo, bwenzi nkhaniyi kulibe.

A bandi tinagwirizana kuti Eusebio, woimba lipenga wachiwiri, ndiye atulutse mkwatibwi ndi nyimbo ya masiku onse. Abundio anakana.

"Eusebio amaimba ngati akuitana nkhumba," anatero, mawu akupita mphepo pa mpata uja. "Nyimbo ya mwana wanga mukuidziwa ndinu. Muimba inuyo."

"Pa tuba? Alamu, mutu ukuyenda bwino? Anthu adzayesa ng'ombe yalowa m'mudzi."

"Ng'ombeyo ndi malume ake. Muimba."

Tsiku la ukwati m'mawa makombola anaphulika, anthu anadzaza bwalo mpaka kumsewu. Bandi itakhala chete, onse anayang'ana kwa Eusebio. Ndinapita patsogolo ndine, ndi chimphika changa paphewa. Ndinamva kung'ung'udza, ndipo mayi wina anachita chizindikiro cha mtanda. Chiyambire mudzi wa San Gervasio, mkwatibwi anali asanatulutsidwepo ndi tuba.

Chitseko chinatseguka. Griselda anatuluka atavala zoyera, bambo ake atamugwira pamkono. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanamuonepo Abundio pa ukwati ali kutsogolo, manja opanda lipenga. Ankayenda ngati wabwereka miyendo, milomo atatseka zolimba. Ndinauzira. Nyimbo yopekedwera lipenga inatuluka yolemera, yapansi, yonjenjemeretsa mawindo. Anthu anasiya kung'ung'udza. Otilia ankalira poyera, osadzipukuta. Nditafika pokwera paja mpweya unandithera, ndinadumpha timawu tingapo, koma ndinalimbikira mpaka mkwatibwi anaponda msewu, bandi yonse n'kulowa.

Pakhomo la tchalitchi, anthu akukankhana kulowa, Griselda anandikoka malaya.

"Amalume, zikomo. Koma pakati paja munalakwitsa."

"Iwe, nyimbo waimva lero lomwe. Wadziwa bwanji?"

Anakweza nsalu ya pamkono wake. Pamwamba pa chigongono panali timabanga titatu tofiira, tondondozana, pamene zala zitatu za bambo ake zinkakanikiza njira yonse, monga zinkakanikizira timabatani titatu ta lipenga lake.

"Inu mutaima, ababa anapitiriza," anatero.